Baduanjin ndi Mkono wa Mayi Wochira Khansa ya M'mawere

Mkono wa mayi amene wachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere ndiwo wasonkhanitsa khamu lino.  

Bungwe la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa imeneyi padziko lonse, ndipo 670,000 adamwalira nayo. M'ziwerengerozi simuoneka mayi amene adachira koma duku amachita kumumanga mwana wake chifukwa mkono sukufika kumutu. Dokotala akamachotsa bere, kawirikawiri amachotsanso tizigawo ta m'khwapa, tomwe tija timatupa munthu akachita mwanabere. Ntchito ya tizigawoti ndi kuthandiza madzi a m'thupi kuti azichoka mumkono. Tikachotsedwa, madziwo amatha kudzadzana, mkono nkutupa ndi kulemera. Vutoli azachipatala amalitchula kuti lymphoedema, ndipo limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse. Chipsera nacho chimakoka khungu, phewa limauma, ndipo ena amamva kamtsempha katakungika kuchokera m'khwapa mpaka pachigongono. Kuno kwathu, kumene ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, opaleshoni yaikulu yotereyi ndi yofala.

Kale malangizo anali oti mkonowo uzipumula. Maganizowa adayamba kusintha mu 1996 pamene Dr Don McKenzie wa ku Vancouver adaphunzitsa amayi ochira khansayi kupalasa bwato, mikono yawo osaipiraipira. Mu 2009 kafukufuku wa Kathryn Schmitz ku America adaonetsa kuti ngakhale kunyamula zitsulo, kukamayamba pang'ono nkumaonjezera, sikukulitsa kutupa.

Anthu a ku China ali ndi masewero odekha kuposa amenewa, otchedwa Baduanjin, amene amatchulidwa kale m'mabuku a nthawi ya mafumu a Song, omwe adalamulira kuyambira mu 960 mpaka 1279. Ndi amodzi mwa masewero a qigong, ophatikiza kusuntha thupi mwapang'onopang'ono, kupuma mozama ndi kuika maganizo pa chimene thupi likuchita. Mu 2003 nthambi ya boma la China yoona zamasewero idakonza ndondomeko imodzi yoti aliyense azitsata. Magawo ake ndi asanu ndi atatu, ndipo onse amatha mphindi 15 zisanakwane.

Magawo atatu oyamba ndiwo ofunika kwambiri ku phewa. Poyamba munthu amaima mapazi atatalikirana pang'ono, amalukanitsa zala patsogolo pa mimba, nkukweza manja akukoka mpweya. Akafika pachifuwa amatembenuza zikhato kuti ziyang'ane kumwamba, nkukankhira pamwamba pa mutu, kenako amatsitsa mikono m'mbali akutulutsa mpweya. Gawo lachiwiri amachita ngati akukoka uta, uku ndi uku, ndipo minofu ya pachifuwa imene chipsera chidaumitsa imatambasuka. Pachitatu dzanja limodzi limakwera, linzake likukankhira pansi. Otsalawo amakhudza khosi, chiuno, msana ndi zidendene. Safuna nsapato zapadera kapena chipangizo chilichonse, ndipo wofooka amatha kuchita atakhala pampando.

Kafukufuku wa m'zipatala za ku China waonetsa kuti amayi amene amachita Baduanjin kwa miyezi ingapo phewa lawo limamasuka, kutopa kumachepa, ndipo tulo amagona bwino. Ambiri mwa mafukufukuwa adachitika pa magulu ang'onoang'ono, kotero azachipatala amawaona masewerowa ngati othandizira mafizo, osati olowa m'malo mwake. Khansa yeniyeniyo sachiza, ndipo wonena kuti amachiza akunamiza anthu.

Apa abambo amene akhala kumbuyo uko atchere khutu, apongozi nawonso. M'mabanja ena mayi akangotuluka m'chipatala amamuletsa ngakhale kunyamula kapu, mkono nkuumiratu. Kwina sabata isanathe wapatsidwa kale musi ndi ndowa ya kumjigo, bambo ali pa bawo. Zonse ziwirizi zimapweteka. Masiku oyamba, kapaipi kochotsa madzi pabala kasanachotsedwe, mkono sukwezedwa kupitirira phewa. Kukweza pamwamba pa mutu kumayamba dokotala kapena wa mafizo akalola, ndipo munthu amalekezera pamene akumva kukoka, asanafike pomva ululu.

Akatswiri a mafizo ndi ochepa m'dziko muno, choncho magulu a amayi a m'mipingo ndi m'midzi apemphe anamwino kuti awaphunzitse masewero a mkono oyenera. Mkono ukatupa mwadzidzidzi, ukafiira kapena kutentha, masewero aime ndipo mayiyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.