Maphunziro a Anamwino Akhale ndi Mulingo Umodzi

Mayi amene wafika usiku kudzachira pa chipatala cha mpingo wa Anglican pano pa Nkope safunsa kumene namwino adaphunzira. Chimene iye afuna nchakuti namwinoyo adziŵe chochita magazi akayamba kutayika, pakuti chipatala chachikulu cha boma chili kutali, ku Mangochi. Nchifukwa chake nkhani yolinganiza maphunziro a anamwino pakati pa maiko ikhudza ngakhale midzi ya m'mphepete mwa nyanja ino.

Dziko la Malaŵi lidayamba kale ntchito imeneyi. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limalembetsa anamwino ndi azamba, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idaloŵa m'Yunivesite ya Malaŵi mu 1979, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Bungwe la anamwino a kum'maŵa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa la ECSACON lidatsegulidwa m'dziko muno mu 1990, ndipo mu 1997 atsogoleri a maiko a SADC adasaina pangano la za maphunziro mumzinda wa Blantyre, lofuna kuti satifiketi ya dziko limodzi idzizindikirika m'dziko linzake.

Phindu lake nloonekeratu. Malungo, likodzo ndi kolera sadziŵa malire, ndipo odwala amaoloka pa Chiponde kuchokera ku Mandimba, m'dziko la Mozambique, kumene anamwino amaphunzira m'Chipwitikizi. Koma ena amaopa, ndipo mantha ao si achabe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anamwino pafupifupi 100 pa chaka ankatenga makalata ochokera m'dziko muno, ambiri kupita ku Britain, kufikira boma lidawonjezera malipiro ndi 52 peresenti mu 2005. Satifiketi yodziŵika kunja imatsegula chitseko chotulukira. Komabe chimene chimasunga namwino ndi malipiro, nyumba yabwino ndi mankhwala m'chipatala. Kumuphunzitsa mopereŵera kuti asafunidwe kwina nkulanga odwala.

Chachikulu chimene akuluakulu a maphunziro ayenera kuchiganizira ndi ichi. Amene amagwira ntchito m'zipatala zazing'ono ngati cha Nkope kaŵirikaŵiri si a digiri ya zaka 4 ai, koma a dipuloma ya zaka 3, otchedwa Nurse Midwife Technician, ambiri mwa iwo ochokera m'makoleji a mipingo monga St Luke's ku Malosa. Namwino wotere amachiritsa amayi, amabaya katemera, amaonanso odwala pamene dokotala palibe. Mulingo wa chigawo ukangoyeza digiri yokha, iyeyu adzatsala kunja, chonsecho mtolo waukulu ausenza ndiye.

Choncho bungwe la National Council for Higher Education, limene lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 2011, likhale pansi pamodzi ndi bungwe la anamwino ndi makoleji a CHAM, ndipo agwirizane kuti zaka 3 za dipuloma zidziŵerengedwa pamene namwino afuna kupitiriza mpaka digiri. Nawo ogwira ntchito m'maofesi a zaumoyo m'maboma adzipereka tchuthi cha maphunziro mwa dongosolo, ndipo asanalole namwino wa pa Nkope kupita kusukulu, ayambe atumiza wina wodzagwira ntchito m'malo mwake.