Nsalu Yokongola Imayamba Singano Isanalowe



Chaka chatha ife a gulu la zosoka tinapeta nsalu zoyala pa tebulo kuti tikagulitse. Masokedwe anali olimba ndithu, koma anthu ankangozitembenuza ndi kuzibwezera pansi. Zambiri tinabwerera nazo, ndipo ndalama za ulusi sizinabwerere. Titakhala pansi tinaona kuti cholakwa sichinali pa singano ai, koma pa kakonzedwe ka maluwa. Tsono zimene tinaphunzira tati tigawane nanu lero.

Choyamba ndi kulingana kwa mbali. Musanayambe kupeta, pindani nsalu pawiri, muipindenso kachiwiri. Pamene mizere yakumana ndiye pakati, ndipo lembanipo ndi choko. Mukaika duwa pa ngodya ya kumanja, ya kumanzere isakhale yamanyazi. Nsalu yolemera mbali imodzi ili ngati mtolo wa nkhuni wosenza mopendekeka: woona yemwe amamva khosi kuwawa.

Chachiwiri, pakhale chinthu chimodzi chachikulu chokopa maso. Ife tinaika mbalame, maluwa, nyenyezi ndi mawu pa nsalu imodzi, zonse zofanana kukula, mwakuti maso anasowa poyambira. Taonani mbendera yathu ya Malawi imene inakwezedwa pa 6 Julaye 1964. Ili ndi mizere itatu yofanana, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ndi dzuwa limodzi lokha pa mzere wakuda. Ndi chifukwa chake ngakhale mwana amaizindikira ili kutali.

Chachitatu ndi kubwereza. Agogo athu poluka mkeka kapena dengu ankadziwa zimenezi: mzere wa utoto, mzere woyera, mzere wa utoto, mpaka kumapeto. Inunso mukayamba mphepete ndi masamba awiri ndi kaduwa kamodzi, pitirizani chomwecho kuzungulira nsalu yonse. Yezani mpata ndi tepi kapena ndi zala, osangoganizira.

Chachinayi ndi mitundu. Ulusi woyera pa nsalu yachikasu suoneka, koma wofiira pa nsalu yoyera umaonekera patali. Chowala chimafuna chakuda pambali pake. Chofiira ndi chobiriwira zikayandikana zimaonetsana kwambiri, motero chimodzi chichuluke, china chichepe, kuti zisalimbane. Ife tsopano sitipitirira mitundu itatu pa nsalu imodzi, ndipo ndalama ya ulusi yatsikanso.

Chotsiriza, amayi, musaope malo opanda kanthu. Chimanga chobzala mothithikana sichibereka, ndipo maluwa othithikana saoneka. Kumbukiraninso kuti pakati pa tebulo pamakhala mbale ndi tiyipoti. Mukadzazapo maluwa, ntchito ya masabata awiri idzabisika pansi pa mbale ya ndiwo.

Mukatha kujambula ndi choko, yanikani nsaluyo pa chingwe, mubwerere m'mbuyo mapazi 10, muiyang'ane. Itananinso mnzanu aione, pakuti mutu umodzi susenza denga. Choko chimafufutika ndi madzi, koma kumasula ulusi kumasiya zibowo.

Nsalu zimene tinabwerera nazo zija sitinataye. Taziyala kumbuyoko pamodzi ndi zatsopano, kuti potuluka mudzionere nokha kusiyana kwake. Amene muli ndi atsikana kunyumba, kawaphunzitseni kupinda nsalu asanagwire singano.