Kodi Dokotala Amachokera Kuti?

Mawu oyankhulidwa kwa ophunzira a sukulu ya kwacha kwa Mponda, m'boma la Mangochi

 Ndakondwa kuona kuti tsopano mukutha kulemba maina anu. Zodinda chala pa pepala mwatsazikana nazo. Kalata ya mwana wanu mukuwerenga nokha. Limeneli ndi dzina labwino pa mudzi.

Lero ndabwera ndi funso limodzi. Tonsefe tidapitako ku chipatala. Tidaonako dokotala, namwino ndi mzamba. Koma kodi anthu amenewa amachokera kuti? Kodi amagwa kumwamba? Iyayi. Ndi ana a anthu, monga ana anuwa. Ali ndi njira imene adayenda. Njira imeneyi ndiyo ndifuna kukulongosolerani.

Zimene ndidaona ndili mwana

Ndili mnyamata ndinkasambira m'Shire tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ndidaona magazi m'mkodzo wanga. Anzanga adaseka nati, "Usaope iwe, ndiye kuti wakula." Koma bambo anga sadavomere. Adanditengera ku chipatala.

Kumeneko munthu wina wovala zoyera adatenga mkodzo wanga. Adadonthezera pang'ono pa kagalasi, nayang'ana m'kamakina kena. Kenaka adandiitana nati, "Tabwera mwanawe, dzaone wekha." Nditayang'ana ndidaona tinthu tonga mazira, tili ndi kaminga kunsonga. Iye adati, "Awa ndi mazira a likodzo. Ali m'thupi mwako."

Ndidadabwa kwambiri. Mkodzo ndinkauona ndi maso anga, koma mazirawo sindinkawaona. Kamakina kaja dzina lake ndi maikulosikopu. Kamakulitsa zinthu zazing'ono zedi kuti diso lizione. Chipinda chimene kamakhala amachitcha labotale.

Munthu uja adandiuzanso ulendo wa likodzo. Wodwala akakodza m'madzi, mazira aja amaswa. Tizilombo take timalowa m'nkhono za m'madzi. M'menemo timachulukana, kenaka timatuluka. Munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka khoka, timalowa pa khungu lake. Si ufiti, si kukula ayi. Ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo.

Anzanga, nzeru zotere ndizo amati sayansi. Sayansi ndi kuyang'ana, kuyeza ndi kuyesa, mpaka utadziwa choonadi. Dokotala aliyense amayambira pamenepa.

Kale ankapita kutali

Kale dziko lathu lidalibe sukulu ya madokotala. Wofuna udokotala ankawoloka nyanja zamchere. Dr Daniel Malekebu adakaphunzira ku America, namaliza m'chaka cha 1917. Dr Kamuzu Banda adamaliza pa sukulu yomweyo ya Meharry m'chaka cha 1937. Anthu opeza mwayi wotere adali owerengeka.

Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. M'chaka cha 1979 sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idayamba ku Lilongwe. M'chaka cha 1991 sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre. M'chaka cha 2021 sukulu ziwirizi adaziphatikiza. Tsopano ndi yunivesite imodzi, dzina lake Kamuzu University of Health Sciences. Mwachidule amati KUHeS.

Mwina simudziwa kuti yunivesite imeneyi ili ndi nthambi yake kuno ku Mangochi. Kwa zaka zambiri ophunzira udokotala akhala akubwera kuno. Amadzaphunzira za umoyo wa anthu a m'midzi. Ena amafika mpaka ku Lungwena, kutsidya kwa nyanja. Mwina ena adafikapo pa khomo panu, nakufunsani za madzi akumwa, za chimbudzi ndi za masikito. Tsono taganizani. Ana a eni ake amabwera kudzaphunzira udokotala pakhomo pathu. Nanga ana athu alekerenji kukhala pakati pawo?

Khomo loyamba ndi sekondale

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ulendo wa udokotala suyambira ku Blantyre ayi. Umayambira ku sekondale, pa mayeso a Folomu 4 otchedwa MSCE.

Pali maphunziro asanu amene mwana sayenera kuwasiya. Mverani bwino, ndipo muwalembe m'makope mwanu:

1. Chingerezi, chifukwa mabuku a udokotala adalembedwa m'Chingerezi.
2. Masamu, chifukwa mankhwala amaperekedwa ndi muyeso.
3. Bayoloje, phunziro la zamoyo ndi thupi la munthu.
4. Kemisitile, phunziro la m'mene zinthu zimasanganikirana ndi kusinthika.
5. Fizikisi, phunziro la mphamvu, kuwala, kutentha ndi magetsi.

Vuto lalikulu lili apa. Ana ambiri amathawa Fizikisi ndi Kemisitile. Amati ndi zovuta. Polembetsa mayeso amasankha zofewa zokhazokha. Makolo sadziwa kanthu. Mwana amakhoza ndithu, nonse mumavina. Koma pokafunsira malo ku sukulu ya zachipatala amamubweza. Khomo adalitseka yekha zaka ziwiri zapitazo. Nkhani yotere ndaiona kangapo, ndipo imawawa.

Mudziwenso kawerengedwe ka zotsatira. Pa mayeso amenewa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. 1 ndi 2 ndi kukhoza kopambana. Kuyambira 3 kulekeza 6 amati kirediti. 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. 9 ndi kulephera. Yunivesite imafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Koma ofuna udokotala ndi ambiri, malo ndi ochepa. Choncho amatenga amene ali ndi manambala aang'ono kwambiri, makamaka pa sayansi. Poti tsopano mukutha kuwerenga, pepala la mwana muzilitenga m'manja, muone nokha.

Sayansi siphunzirika ndi makutu okha

Kodi munthu angaphunzire kupalasa bwato ali pamtunda? Mungamuuze mawu ambiri, koma tsiku lolowa m'madzi adzagubuduka. Sayansi ilinso chimodzimodzi. Mwana ayenera kugwira zida ndi manja ake. Ayeze yekha, asanganize yekha, ayang'ane yekha m'maikulosikopu. Ndiponso pa mayeso a MSCE pali chigawo chochita ndi manja.

Sukulu zina zili ndi labotale yabwino. Koma sukulu zambiri zoyendera za m'midzi zilibe. Mphunzitsi amangojambula chida pa bolodi, ana naloweza. Mwana wotere akafika ku yunivesite amaona zidazo koyamba. Mnzake wa sukulu ina adazizolowera kale.

N'chifukwa chake ku yunivesite ya zaumoyo kuli chaka choyamba chokonzekera. Chaka chimenechi chili ngati maziko a nyumba. Ophunzira amabwerezanso Bayoloje, Kemisitile, Fizikisi ndi Masamu, koma mozama. Amalowa m'malabotale akuluakulu. Amaphunzira kuyeza mosaphonya, kusamala zida ndi kulemba zimene aona. Amaphunziranso kompyuta. Wolephera chaka chimenechi sapita patsogolo.

Akadutsa pamenepa, wofuna udokotala amaphunzira zaka zina zisanu. Poyamba amaphunzira thupi la munthu, fupa lililonse ndi mtsempha uliwonse. Amaphunzira tizilombo toyambitsa malungo, chifuwa chachikulu ndi kolera. Kenaka amalowa m'zipatala zazikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko amaphunzira pambali pa bedi la wodwala, madokotala aakulu akuwayang'anira. Zonse pamodzi ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akamaliza amagwirabe ntchito moyang'aniridwa kwa chaka ndi theka. Ulendo wake ndi wautali ndithu. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira si imodzi

Wina anena kuti, "Mwana wanga sadafike pa manambala amenewo. Basi zatha." Iyayi amayi, sizidathe. Chipatala sichiyenda ndi dokotala yekha. Pali anamwino ndi azamba. Pali oyeza magazi mu labotale. Pali osunga ndi kupereka mankhwala. Pali a mano, a maso ndi ojambula mafupa. Palinso makiliniko ofesala, amene amagwira ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma.

Ntchito zambiri mwa izi amaphunzitsa ku Malawi College of Health Sciences, imene ili ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba. Palinso sukulu za mishoni, monga St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi ndi Malamulo ku Thyolo. Maphunziro ambiri kumeneko amatenga zaka zitatu. Munthu akagwira ntchito zaka zingapo angathe kubwereranso ku sukulu, nakwera. Koma kulikonse kumene angapite adzamufunsa za sayansi. Khomo lake ndi lomwe lija.

Mukukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023. Idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu lino lidali limodzi mwa maboma ovutika kwambiri. Masiku amenewo tidaona kufunika kwa anthu a chipatala. Taganizaninso za agogo amene amayankhula Chiyao chokha. Akapeza namwino wodziwa chiyankhulo chawo amamasuka, nanena zonse za kumtima. Matenda amadziwika msanga.

Nanga inu makolo muchite chiyani?

Mwina mukuti, "Ife Kemisitile sitiidziwa. Tingathandize bwanji?" Mungathandize kwambiri.

Choyamba, funsani mwana wanu maphunziro amene akutenga. Asadalembetse mayeso, pitani mukaonane ndi aphunzitsi. Mukafunse ngati asanu aja alipo onse.

Chachiwiri, mpatseni nthawi. Mnyamata amene wachezera pa nyanja usiku wonse ndi nyali za usipa sangamve Masamu m'mawa. Ndalama ya usipa imatha tsiku lomwelo. Ena akuthamangira ku Joni asadamalize sukulu. Auzeni kuti Joni sathawa, ayambe amaliza Folomu 4.

Chachitatu, musaiwale mwana wamkazi. Mutu wa mtsikana ndi wa mnyamata ndi chimodzimodzi. Madokotala aakazi alipo ambiri m'dziko muno. Lamulo la dziko lino likuletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Ntchito za pakhomo muzigawa mofanana, kuti nayenso apeze mpata wowerenga.

Chachinayi, pitani ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Mukafunse kuti, "Kodi pa sukulu pano pali labotale? Ngati palibe, ana athu amakayesera kuti?" Mutu umodzi susenza denga. Makolo angathe kututa mchenga ndi miyala. Mafumu, makhansala ndi aphungu angathe kukapempha zida. Aphunzitsi angathe kupangana ndi sukulu ina imene ili ndi zida, kuti ana azikaphunzirako masiku ena.

Chachisanu, konzekerani ndalama msanga. Sungani pang'onopang'ono, kaya ku banki mkhonde, kaya poweta mbuzi. Dziwaninso kuti kuyambira 2015 pali bungwe la boma limene limakongoza ndalama ophunzira osowa a m'mayunivesite. Ngongoleyo amadzabweza akamaliza maphunziro.

Chachisanu ndi chimodzi, chenjerani ndi akathyali. Malo a ku yunivesite ya boma sagulitsa. Mwana amafunsira kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba lotchedwa NCHE, ndipo maina a osankhidwa amalengezedwa poyera. Wina akakuuzani kuti, "Ndipatseni ndalama ndimupezere malo," ameneyo ndi wakuba. Musadalipire ku sukulu iliyonse ya zachipatala, fufuzani ngati ili yovomerezeka ndi bungwe la madokotala kapena la anamwino. Popanda chilolezo cha mabungwe amenewa mwana sadzaloledwa kugwira odwala, ngakhale akhale ndi pepala lokongola.

Mawu otsiriza

Amayi ndi abambo, inu mudabwera ku sukulu muli akuluakulu. Ena ankakusekani. Koma lero mukuwerenga kabuku aka nokha. Ana anu akuona zimenezi. Mwana amene amaona mayi ake atagwira pensulo madzulo savuta kumuuza za sukulu.

Tsono madzulo ano, mukatha kudya nsima, muitaneni mwana wanu. Muuzeni abwere ndi makope ake. Mufunseni kuti, "Kodi Bayoloje, Kemisitile ndi Fizikisi ukuphunzira?" Akati inde, mulimbikitseni. Akati adasiya, mawa m'mawa valani nsapato, mupite naye kwa aphunzitsi.



Mafunso okambirana

1. Kodi likodzo limalowa bwanji m'thupi la munthu?
2. Tchulani maphunziro asanu amene mwana wofuna ntchito ya chipatala sayenera kusiya.
3. Pa mayeso a MSCE, yabwino ndi iti pakati pa 2 ndi 8?
4. Kodi sukulu ya sekondale ya kwanu ili ndi labotale? Ngati ilibe, inu mungachitepo chiyani?
5. Lembani kalata yaifupi kwa mphunzitsi wamkulu, yofunsa za maphunziro a mwana wanu.