Akanema Akale Amene Ana Athu Ayenera Kuonera

(Mawu amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)

Munandiuza kuti ndilankhule za ntchito ya m'boma, koma ine ndasankha kulankhula za kanema. Mundikhululukire, pomaliza mumva chifukwa chake.

Ambirife amene tinakulira kuno kwa Ndamera tinayamba kuona kanema m'nyumba za vidiyo, jenereta ikulira kuseri, ife thukuta kamukamu ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Tinkapanikizana pa benchi limodzi ndi anzathu othawa nkhondo a ku Mozambique, nkhondo yawo isanathe mu 1992. Chingerezi sitinkachimva. Tinkangodikira kuti Rambo kapena Bruce Lee ayambe ndewu, kenaka n'kumaponyerana mateche njira yonse yopita kunyumba. Ndinakula ndikudziwa kuti kanema ndi ndewu basi.

Maganizo amenewa anasintha ndili ku Chancellor College ku Zomba, pamene mnzanga anandibwereka kaseti ya Bicycle Thieves, filimu ya ku Italy ya mu 1948, imene anakonza Vittorio De Sica. Ndi yopanda mitundu, ndipo mulibe mfuti. Bambo wina wosauka wa mu mzinda wa Rome apeza ntchito yomata zithunzi m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga. Mkazi wake apereka nsalu zoyala pabedi ngati chikole kuti awombole njinga yawo. Tsiku loyamba lomwelo, njinga ibedwa. Bamboyo ndi kamwana kake azungulira mzinda wonse osaipeza, mpaka iye mwini ayesa kuba ya wina, n'kugwidwa mwana wake akuona.

Usiku umenewo sindinagone. Ndili sitandade 5, bambo anga anaberedwa njinga pa msika, imene ankanyamulira nsomba zouma kukagulitsa ku boma. Anatha masiku angapo osalankhula ndi munthu, ndipo ine ndinkayesa kuti atikwiyira anafe. Panatenga mzungu wa ku Italy kuti ndimvetse kuti anali manyazi a bambo amene sakudziwa chimene adyetse ana mawa. Pa holide ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafunsa za njingayo. Aka kanali koyamba ine ndi iwo kucheza ngati anthu akuluakulu.

Ndiye filimu yoyamba imene ndikukupemphani kuti muonere ndi imeneyo. Yachiwiri ndi Neria ya ku Zimbabwe, momwe muli Jesesi Mungoshi ndi malemu Oliver Mtukudzi. Mwamuna wa Neria atamwalira, mlamu wake alanda katundu yense, mpaka mayiyo apita kukhoti. Ndani muno amene sanaonepo zotere pa maliro? Lamulo lathu la chuma cha masiye la mu 2011 likunena poyera kuti kulanda katundu chotere ndi mlandu, koma atsikana athu ambiri sakudziwa. Neria angawaphunzitse msanga kuposa ine wa m'boma ndi mapepala anga.

Yachitatu ndi The Kid ya Charlie Chaplin, ya mu 1921. Anthu salankhula m'menemo, choncho agogo odziwa Chisena chokha adzaseka ndi kulira pamodzi ndi adzukulu awo. Musaiwalenso zathu zomwe, monga Seasons of a Life ya a Shemu Joyah, ya mu 2008.

Tsono pempho langa ndi ili. Ana a pa sukulu yathuyi akuonera tizidutswa ta pafoni timene amatiiwala tisanathe n'komwe. Bungwe lathu lisonkhe ndalama zogulira pulojekita ndi batire ya sola, kuti Loweruka limodzi pa mwezi ana aonere filimu imodzi yathunthu, kenaka akambirane ndi mphunzitsi zimene aona. Makolo awo aziitanidwanso. Ine ndabwera ndi ma DVD a mafilimu atatu oyambawo, ndipo ndiwasiya kwa a hedimasitala lero lomwe. Amene muli ndi ena m'makabati, musadikire kuti adyedwe ndi fumbi monga anachitira makaseti athu aja.

A Msungichuma ali pakhomo apo ndi kope lawo.