Galimoto Nayo Imapuma

Phunziro lathu la sayansi lero tikalichitira ku Chama, m'chigwa cha Luangwa, kwao kwa mpunga, m'dziko la Asenga. Aphunzitsi, konzeranitu kandulo, machesi, botolo la kukamwa kwakukulu, kabango koboola ndi kansalu, pakuti tizifuna tisanatsirize.

Inu ana a kwa Kambombo ndi kwa Tembwe, mudaionapo galimoto yochokera ku Lundazi ikulowa pa boma m'mwezi wa Okutobala, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi. Kapena mudamvaponso woyendetsa akudandaula kuti, "Ndikuponda moto, koma galimoto siikumva." Funso lathu ndi ili: kodi chimachitika nchiyani pakati pa phazi la woyendetsa ndi injini, ndipo nchifukwa ninji injini imachedwa kuyankha nthawi zina?

Yankho liyambira pa moto. Injini ya petulo imayenda ndi moto woyaka m'kati mwake, motsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany adaikonza m'chaka cha 1876. Tsono moto suyaka popanda mpweya. Amayi pokoleza moto pamafuwa amauzira, ndipo wosula makasu amapopa mvukuto. Injini nayo, kuti itenthe bwino kilogalamu 1 ya petulo, imafuna mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Ndiye kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya okwana ngati 9,000, ndiyo migolo 45 ya malita 200 uliwonse. Mukuona tsopano kuti galimoto imapuma kwambiri koposa mmene imamwera.

Pakhosi pa injini ya petulo pali kachitseko kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene amakaniko amakatchula kuti throttle. Woyendetsa akaponda moto, kachitsekoko kamatseguka, mpweya umalowa wambiri, petulo amawonjezereka molingana ndi mpweyawo, ndipo injini imalira mwamphamvu. M'magalimoto akale, chopondera ndi kachitsekoko zidali zolumikizidwa ndi chingwe chachitsulo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya BMW idatulutsa galimoto yopanda chingwe chimenechi, ndipo lero magalimoto ambiri amapangidwa motero. Phazi likaponda, uthenga wamagetsi umapita ku kompyuta ya injini, kompyutayo nkulamula kamakina kakang'ono kuti katsegule chitseko. Malole onyamula mpunga, amene ambiri ndi a dizilo, amasiyana pang'ono: chopondera chawo chimawonjezera mafuta, koma nawonso sangakoke katundu mpweya ukaperewera.

Nanga injini imachedweranji kuyankha? Zifukwa zilipo zingapo, koma lero tiona zitatu.

Choyamba ndi sefa ya mpweya. Sefayi ili ngati tsitsi la m'mphuno mwanu, limene limagwira fumbi kuti lisafike m'mapapo. Pa misewu yafumbi m'chilimwe imadzaza msanga, ndipo injini imayamba kubanika. Mankhwala ake ndiwo kuiyang'ana kawirikawiri ndi kuika ina ikatha. Kuyenda sefa itachotsedwa nkoipa koposa, popeza fumbi limapala zitsulo za m'kati monga mchenga upalira mphika.

Chachiwiri ndi mwaye wosakanizika ndi mafuta umene umamata m'mbali mwa kachitseko kaja, nkuchepetsa mpata wa mpweya. Makaniko amakatsuka ndi mankhwala ake.

Chachitatu ndi kompyuta imene. Mwaye ukamakula tsiku ndi tsiku, kompyuta imazolowera kutsegula chitseko mopitirizako kuti injini isazime. Tsono makaniko akatsuka chitsekocho, kompyuta ingathe kusungabe chizolowezi chakale, injini nkumalira mopitirira galimoto ili chiimire. M'magalimoto ena, batire likachotsedwa kompyuta imaiwala zimene idazolowera, injini nkumadodoma kapena kuzima. Apa mpamene kompyuta iyenera kuphunzitsidwanso pamene chitseko chimatsekera ndi pamene chimatsegukira. Pa Chingerezi ntchito imeneyi amati reset. Kachitidwe kake nkosiyana malinga ndi mtundu wa galimoto: ina imadziphunzitsa yokha ikayenda kwa kanthawi, ina imafuna makina a makaniko. Mwini galimoto atsate buku la galimoto yake kapena afunse odziwa, pajatu safunsa adadya phula.

Pano mumvetsetse bwino, ana inu. Kuphunzitsanso kompyuta sikuwonjezera mphamvu ya injini, ndipo sikuchotsa fumbi m'sefa. Magalimoto amakono aliwiro ali ndi batani lolembedwa kuti Sport. Woyendetsa akalidina, kuponda pang'ono kokha kumatsegula chitseko kwambiri, galimoto nkudumpha ngati gwape. Komatu chitseko chikatseguka chonse, mpweya wolowa ndi womwe uja. Pa msewu wa mchenga kapena wa matope a m'dzinja, kudumpha kotere kumazungulitsa matayala pamodzimodzi, mwinanso kugwetsa galimoto m'ngalande. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Galimoto yotenga wodwala usiku kupita naye ku chipatala cha Chama imafuna injini yomvera phazi nthawi zonse, pachitunda ndi pamchenga pomwe, ndipo kumvera kumeneko kumayambira pa sefa yoyera.

Tsopano tiyeni tiyese. Aphunzitsi, yatsani kandulo, muivundikire ndi botolo, ana awerenge mokweza mpaka moto utazima. Kenaka mwana mmodzi akoke mpweya kudzera m'kabango kawiri kapena katatu, ndipo ayesenso mutamanga kansalu kopindapinda kunsonga kwake. Afotokozere anzake kusiyana kwake.

Ana, lembani mayankho a mafunso awa m'makope mwanu. Moto wa kandulo wazimiranji? Kansalu kaja kakuimira chiyani m'galimoto? Ngati lita imodzi ya petulo imafuna migolo 45 ya mpweya, nanga malita 10 afuna migolo ingati? Aphunzitsi, mukapeza mpata, pemphani woyendetsa galimoto wa kwanuko kuti adzawaonetse ana sefa yakale ndi yatsopano, aziyerekeze okha ndi maso awo.

Phunziro lathu lathera pamenepa. Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse.