Zomwe ndinaona ku Egypt

Nditalemba MSCE ndinapeza mwayi wa sukulu ku Cairo. Tsiku lina ndinakwera sitima yopita ku Aswan. Mvula kumeneko sigwa, koma m'mbali mwa Nile minda ya nzimbe ndi tirigu ili biriwiri. Kuseri kwake mchenga wokhawokha. N'chifukwa chake nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya damu lomwe Ethiopia yamanga pa Blue Nile: akuopa kuti madzi achepa.

Nanga ife kuno ku Kasungu? Bua ndi Dwangwa akungodutsa, ife tili phee kudikira mitambo. Ng'amba ya 2024 mwaiwala kale? Fodya akagulitsidwa, tiyeni tisonkhe, tigule pampu ya sola, dimba la kalabu liyambe chilimwe chomwechino.