NYUMBA YA MABUKU YA PA SUKULU IKHALE YA ANA ONSE

Mau olankhulidwa pa Msonkhano wa Caka wa Bungwe



M'masukulu ambiri mabuku alipo ndithu, koma agona m'kabati ya Mphunzitsi Wamkulu, ndipo mfungulo iri m'thumba lace. Iye aopa kuti angang'ambike kapena kubedwa, ndipo mantha acewo ngomveka; koma ciswe cimalowa m'kabatimo cosapempha mfungulo.

Pa njala ya 2001 ndi 2002, William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, analeka sukulu ya sekondale popeza makolo ace analibe ndalama za fizi. Pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe panali kacipinda ka mabuku, ndipo ngakhale dzina lace silinalinso m'kaundula, anamlola kubwereka. M'menemo anapeza buku la ku America lochedwa Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina oyendera mphepo pa cikuto pace. Cingerezi cace cinali cocepa, koma zithunzi zinamtsogolera pamene mau anamkanika. M'caka ca 2002, ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga yakale ndi zina zotola kudzala, anaimika makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya atate wace. Buku limenelo silinali la mayeso, ndipo wolibwerekayo sanali pa sukulu. Malamulo a masukulu ena akadamkaniza pa zifukwa ziwirizo.

Cifukwa cace funso loyamba ndi ili: ndani aloledwa kulowa? Mtsikana amene amthamangira kumtondo belu likangolira sapeza mpata, pokhapokha ora la kuwerenga liikidwe mkati mwa nthawi ya sukulu. Mwana wosaona asowa mabuku a Braille, a timadontho towerenga ndi zala, monga acitira ana a pa sukulu ya osaona ya Chilanga ku Kasungu komweko.

Funso laciwiri: m'kabatimo muli ciani? Nkhani za maiko akutali nzofunika, pakuti zitsegula maso; koma mwana amene sapeza mudzi wonga wakwao m'buku liri lonse ayesa kuti kulemba ndi nchito ya Azungu okha. Samuel Ntara analemba Nthondo m'Cinyanja, buku limene linapata mphotho ndi kusindikizidwa mu 1933; Yohanna Abdallah anali atalemba kale mbiri ya Ayao m'Ciyao, yoturuka mu 1919. Kuyambira 1968, pamene Cicewa cinasankhidwa kukhala cilankhulo ca dziko, Citumbuka cinacotsedwa m'masukulu, ndipo mabuku ace ngosowa m'makabati kufikira lero, ngakhale kumpoto kwa Kasungu ana ambiri amayamwa cilankhulo cimeneco.

Ambiri a inu mukhala m'makomiti a sukulu. Pa msonkhano wotsatira pemphani kuona buku lolembamo obwereka, muwerenge maina: atsikana ndi angati, ana oleka sukulu alimo kodi, ndipo dzina lotsiriza linalembedwa mwezi uti.